Kusankha Thumba ndi Chidole Chophunzirira Nkhonya, Karate ndi Judo Pakhomo

Chifukwa chake cha kabuku kano

Mu mzinda uno wa Lusaka, mmene dzina la Lottie Mwale likali kutchulidwa mwaulemu ngakhale kuti mwini wake anatisiya mu 2005, ndiponso mmene Esther Phiri, mtsikana wa ku Mtendere amene ankagulitsa ndiwo zamasamba, anakula nakhala ngwazi ya nkhonya yomveka kunja kwa malire a dziko, sichachilendo kuti mnyamata kapena mtsikana afike pamaso pa makolo ake ndi pempho lakuti amugulire thumba lomenya. Ena mwa ana amenewa amaphunzira nkhonya, judo kapena taekwondo ku OYDC, bwalo la masewera limene linatsegulidwa mu 2010 m'mbali mwa msewu wa Great North. Ena amasonkhana m'maholo a mipingo ndi a sukulu. Koma popeza mphunzitsi saoneka tsiku ndi tsiku, ndipo ndalama ya minibasi siipezeka nthawi zonse, masiku otsalawo wophunzira amakhala yekha pakhomo, mtima uli pa masewera ake, koma wopanda mnzake womugwirira.

Pamenepo ndi pamene ngozi imabadwira. Mwana wachangu amatenga saka ya ufa, naithira mchenga wa omanga nyumba kufikira itadzaza, naipachika pa nthambi ndi chingwe choyanikira zovala, nayamba kuimenya ndi manja osamanga. Ndipo mwezi usanathe, mwina nthambi yatsika, mwina lathyoka fupa la kuseri kwa dzanja limene limapita ku chala chaching'ono, pakuti limeneli ndilo fupa lothyoka kawirikawiri munthu akamenya chinthu chouma ndi chibakera. Kwinanso kholo lachikondi limapita ku masitolo a ku Manda Hill kapena East Park, niligula chidole cha mtengo wapatali chimene sichigwirizana ndi masewera amene mwanayo akuphunzira, ndipo ndalama zimapita popanda phindu.

Tsono mfundo imene tikupempha owerenga kuti aigwiritsitse ndi iyi: chida chophunzirira chiyenera kugonja pamene chamenyedwa. Thupi la munthu, limene masewera onsewa anakonzedwera, limagonja; limapindika, limabwerera m'mbuyo, ndipo lili ndi mnofu pamwamba pa fupa. Koma chida chouma gwa chimabweza mphamvu yonse ya chibakera m'mfundo za zala, m'mkono ndi m'phewa la womenyayo, kotero kuti iye amene amayesa kuti akudzilimbitsa akudzigwetsa yekha pang'onopang'ono.

Mafunso oyamba musanatulutse ndalama

Loyamba: kodi mwana wanu, kapena inu eni, mukuphunzira masewera ati? Wa nkhonya afuna thumba lolendewera lalitali ngati mita imodzi, chifukwa iye amamenya kuyambira m'chiuno kukwera kumtunda. Wa karate, taekwondo ndi kickboxing afuna thumba lalitali mita imodzi ndi theka kapena kupitirira, lofika kufupi ndi pansi, kuti athe kuponya mwendo pa ntchafu ngakhale pamutu. Wa judo ndi wa masewera ogwetsana alibe nalo ntchito thumba lomenya. Iye afuna chinthu cha manja ndi miyendo chimene angachigwire, kuchinyamula ndi kuchigwetsa. Wa wing chun afuna munthu wamtengo, amene tidzamufotokoza kutsogoloku. Chida chimodzi chokwanira masewera onsewa kulibe, ndipo wogulitsa amene akuuzani kuti chilipo akufuna ndalama zanu zokha.

Lachiwiri, limene ambiri amaliiwala kufikira katundu atafika kale pakhomo: kodi nyumba yanu ndi yotani? Wokhala m'nyumba zosanjikizana za ku Kabwata Estates ali ndi mnansi pamwamba, pansi ndi kuseri kwa khoma, ndipo kugunda kulikonse kwa thumba lopachikidwa pa denga la konkire kumayenda m'nyumba monse. Iyeyu asankhe chida chopepuka, chosaboola khoma, ndipo akhale ndi nthawi yoikika ya masana imene anansi aivomereza. Wa ku Chelstone amene ali ndi kabwalo kuseri kwa nyumba angathe kuzika mzati wachitsulo. Wa ku Woodlands ndi Kabulonga, kumene mabwalo ndi aakulu, mitengo ndi yokhwima ndipo magalaja alipo, ali ndi ufulu wosankha chilichonse; koma ngati akhala m'kanyumba ka kuseri kolipira lendi, apemphe chilolezo cha mwini nyumba asanaboole khoma kapena kukumba dzenje, pakuti safunsa anadya phula, ndipo bawuti imodzi yoboola popanda chilolezo yathetsapo ubale wa zaka zambiri.

Lachitatu: kodi thupi la womenyayo ndi lotani? Aphunzitsi a nkhonya amalangiza kuti thumba lilemere pafupifupi theka la kulemera kwa mwini wake. Munthu wa makilogalamu 60 afuna thumba la makilogalamu 30, ndiko kuti lolemera pang'ono kuposa saka ya ufa ya makilogalamu 25. Thumba lopepuka kwambiri limathawa nkhonya niliuluka uku ndi uko. Lolemera kwambiri siligonja konse.

Thumba lolendewera

Mwa zida zonse, ichi ndicho tikuchiyamikira kwa mabanja ambiri, chifukwa chimagonja mwa njira ziwiri, pofinyika ndi polendewera, ndipo pobwerera chimaphunzitsa munthu kusuntha mapazi ndi kuyesa mtunda, zimene chida choima chilili sichingaphunzitse.

Ngati mugula la m'sitolo, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: thumba lonyezimira la zilembo zazikulu lingakhale la pulasitiki yopyapyala imene idzang'ambika isanathe nyengo imodzi ya dzuwa. Chotero chitani izi:

1. Yang'anani msoko, makamaka pamene malamba kapena mphete zachitsulo zalumikizidwa ndi thumba, pakuti ndi pamene limayambira kung'ambika. Pakhale posokedwa kawiri kapena katatu, ndi chigamba cholimbitsa.
2. Sankhani chikopa, tenti yokhuthala kapena kanivasi. Chikopa chimakhalitsa koma chimadana ndi mvula. Tenti imapirira panja.
3. Dinikizani ndi chala chachikulu pamwamba, pakati ndi pansi, monga muyesera kotapela pamsika. Ponseponse palowe chala pang'ono. Ngati pansi pauma kuposa pakati, m'katimo muli mchenga wotsika.
4. Funsani ngati lili ndi zipi kapena chingwe pamwamba, kuti muthe kulitsegula ndi kukonza za m'kati.
5. Ngati n'kotheka gulani thumba lopanda kanthu, mudzalidzaze nokha. Ndi lotsika mtengo, limanyamulika m'minibasi, ndipo mudzadziwa chimene chili m'kati.

Ogula kudzera pa Facebook kapena WhatsApp asatumize ndalama pa foni asanaone katunduyo ndi maso ndi kumugwira ndi manja.

Koma kunena zoona, thumba losokedwa ndi telala wa pamsika, ngati mwamufotokozera bwino, silichepa kanthu pamaso pa la m'sitolo, ndipo likang'ambika mukudziwa kumene mungalibweze. Gulani kanivasi kapena tenti ku Kamwala, mupite nayo kwa wosoka matenti kapena mipando ya galimoto, amene makina ake amabaya nsalu yokhuthala. Muuzeni kuti thumba likhale lozungulira, lotambalala masentimita 30 mpaka 35 pakamwa pake, pansi pakhale nsalu ziwiri, ndipo malamba anayi atsike m'mbali kufikira pakati pa thumba, asangosokedwa pamlomo pokha.

Ntchito yeniyeni ili pa kudzaza, ndipo pano tikhalapo pang'ono, chifukwa manja ambiri athyokera pamenepa. Mchenga wokha musauyese konse. Tsiku loyamba umaoneka wofewa, koma pomenyedwa umatsikira pansi nuthinana, ndipo chinyezi cha dzinja chikaulowa umaumbika kukhala chibuma. Utuchi wokha nawonso umathinana, umatulutsa fumbi lolowa m'chifuwa, ndipo ukanyowa umaola. Gaga ndi mankhusu zimaitana makoswe, amene adzaboola thumba lanu usiku umodzi. Chodzazira chabwino koposa ndi nsanza: zidutswa za nsalu zimene matelala a ku Kamwala ndi City Market amataya, kapena zovala za salaula zotsalira zimene palibe wozigula. Dzazani motere:

1. Chotsani mabatani, mazipi ndi zitsulo zonse, pakuti batani limodzi lotsamira khoma la thumba lingang'ambe khungu la dzanja.
2. Dulani nsanzazo zikhale zidutswa zosaposa chikhatho. Zazikulu zimapanga mfundo ndi mabowo.
3. Yalani siponji yopyapyala, kapena bulangete lakale, kuzungulira m'kati mwa thumba.
4. Thirani nsanza zokwana chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuya kwake, muzisinje ndi musi kapena mtengo wosasongoka, kenaka muonjeze zina, kufikira pamwamba.
5. Ngati kulemera sikunakwane, thirani mchenga wouma m'timatumba tating'ono ta kilogalamu imodzi kapena ziwiri, mutikulunge ndi tepi, mutiike pakati penipeni motalikirana, nsanza zitatizinga mbali zonse. Kathumba ka mchenga kasakhudze khoma la thumba ngakhale pansi pake.
6. Patapita milungu iwiri tsegulaninso, muonjeze nsanza pamene zatsika. Miyezi ingapo iliyonse tsitsani thumba, muligubuduze pansi kuti za m'kati zimasuke.

Kupachika

Thumba likamalendewera ndi kugwedezeka limakoka chopachikirapo ndi mphamvu yoposa kulemera kwake kangapo, ndipo chifukwa cha ichi mtanda umene unganyamule thumba lili phee ungathe kugonja litayamba kumenyedwa. Matabwa a paini a denga la malata sanaikidwe kuti anyamule katundu wotere. Mukapachikapo, misomali ya malata idzamasuka, ndipo mvula ya mu Disembala idzakuuzani. Khoma la mabuloko a mphako nalonso siligwira bawuti kwa nthawi yaitali, pokhapokha bawutiyo itapyoza khoma lonse ndi kumangidwa pa chitsulo chafulati kuseri kwake.

Njira yokhazikika ndi mzati wa paipi yachitsulo yokhuthala wokhala ndi mkono pamwamba. Owotcherera a ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, amene amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo, angakupangireni. Auzeni kuti mkonowo utalike pafupifupi mita imodzi kuchokera pa mzati, ndipo ukhale ndi chogwiriziza chopendekera pansi pake. Kumbani dzenje lakuya masentimita 70 kapena kuposa, thirani konkire, muithirire madzi masiku 7 osachepera musanapachike kanthu. Kuthamanga sikufika: konkire yaiwisi ikagwedezeka, mzati sudzaimanso mowongoka.

Mtengo wa pabwalo ungathandize ngati nthambi yake ili yamoyo ndi yonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu, ndipo mwapachika kufupi ndi thunthu. Nthambi za kotapela n'zosachedwa kuthyoka, zipeweni. Kulungani nthambiyo ndi chidutswa cha tayala kuti unyolo usadye khungwa.

Pachikani ndi unyolo, osati chingwe cha nayiloni chimene dzuwa limachidya mosaoneka. Pakati pa unyolo ndi ngowe ikani chitsulo chozungulira, kuti thumba likamatembenuka unyolo usapotane. Pakati pa thumba la nkhonya palingane ndi chifuwa cha womenya, ndipo mbali zonse pakhale malo a mita imodzi ndi theka opanda zenera, mbaula, mpopi kapena masitepe.

Matayala akale

Kwa banja limene ndalama yavuta, matayala atatu kapena anayi a galimoto yaing'ono, osanjikizidwa ndi kumangidwa ndi mabawuti m'mbali mwake, amapanga thumba lopirira dzuwa ndi mvula, ndipo amagonja bwino chifukwa m'kati mwake muli mphako. Kanani tayala lililonse limene mawaya ake atulukira kunja. Mitu ya mabawuti ikhale m'kati. Boolani mabowo pansi pa tayala lililonse, chifukwa madzi a mvula okhala m'tayala ndi malo oswanirana udzudzu, ndipo si nzeru kuitanira malungo pakhomo chifukwa cha masewera. Mphira imasupula khungu, chotero tayala lisamenyedwe popanda magolovesi.

Chidole choima chokha

M'masitolo a zamasewera mumapezeka matumba oima pa tsinde la pulasitiki lothiramo madzi kapena mchenga, ndiponso zidole za mphira zooneka ngati munthu kuyambira m'chiuno kufika kumutu, monga china chotchedwa BOB cha kampani ya Century ya ku America. Ubwino wake ndi wakuti siziboola khoma, zimakankhidwira pakona ntchito ikatha, ndipo chidole cha nkhope chimaphunzitsa kulunjika pa chibwano ndi pa nthiti. Kuipa kwake ndi mtengo wokwera, kusuntha kapena kugwa zikamenyedwa ndi munthu wamphamvu, ndiponso tsinde limene likang'aluka silikonzeka msanga. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mchenga wouma umaposa pamenepo ndi theka, choncho umakhazikitsa chidole bwino, koma kuutulutsa posamuka ndi ntchito yowawa. Wa lendi athire madzi. Yalani mphira yokhuthala pansi pake kuti phokoso lichepe, ndipo musachisiye pa dzuwa la mu Okutobala. Kwa wokhala m'nyumba zosanjikizana chida ichi chingakhale choyenera. Kwa amene ali ndi bwalo, ndalama yomweyo ingagule thumba, mzati, magolovesi ndi kulipira mphunzitsi miyezi ingapo.

Makiwara ndi munthu wamtengo

Zida ziwirizi n'zamtengo, ndipo ndizo zimene anyamata amazimvetsa molakwa koposa, poganiza kuti ntchito yake ndi kuumitsa mafupa.

Makiwara inachokera ku chilumba cha Okinawa, kwawo kwa karate, kumene akale ankazika thabwa pansi nakulunga nsonga yake ndi chingwe cha udzu wa mpunga. Chinsinsi chake chili pa kasemedwe: thabwalo ndi lonenepa kumunsi, koma limanka lipyapyala kufikira kunsonga, kotero kuti likamenyedwa limawerama ndi kubwerera, niliuza womenyayo ngati mkono wake unali wowongoka ndi ngati mphamvu inachokera m'chiuno. Uzani kalipentala kuti thabwa litalike mamita awiri, litambalale masentimita 10, linenepe masentimita 8 kumunsi ndi masentimita awiri okha kunsonga. Pakani phula kapena mankhwala a chiswe ku mbali yolowa m'nthaka, muzike masentimita 70, mutsamiritse njerwa kutsogolo chapansi ndi kumbuyo chapamwamba, ndipo kunsonga mumange mphira yofewa yokutidwa ndi chikopa. Mukalikankha ndi chikhatho liyenera kuwerama mooneka. Mzati wa bulugamu wozikidwa wathunthu, khoma la nyumba ndi thunthu la mtengo wamoyo si makiwara ayi, n'zothyolera manja.

Munthu wamtengo, amene a wing chun amamutcha muk yan jong, ndi thunthu lozungulira lokhala ndi manja atatu ndi mwendo umodzi wopindika: manja awiri pa msinkhu wa chifuwa, limodzi pa mimba. Kale ku China ankamuzika m'nthaka. Koma Ip Man, mphunzitsi wa Bruce Lee, atasamukira ku Hong Kong kumene anthu amakhala m'nyumba zosanjikizana zopanda bwalo, chidachi chinayamba kupachikidwa pa matabwa awiri opingasa, opyapyala, amene amawerama chikakankhidwa. Taonani kuti ngakhale pamenepa amisiri anasamala kuti mtengo ugonje. Manja ake amalowa momasuka m'mabowo a ngodya zinayi, nagwedera pang'ono. Kalipentala wosadziwa adzafuna kuwamata ndi guluu kuti ntchito ioneke yaudongo, ndipo muyenera kumuletsa. Thunthu likhale lonenepa masentimita 20 mpaka 23, la mtengo wouma bwino. Mlombwa, umene kuno timautcha mukwa, ndi wabwino, pamene bulugamu wosauma amang'aluka. Matabwa mungawafune ku msika wa Buseko. Koma tikuchenjeza mosabisa: chida ichi ndi cha kuphunzira ngodya, mapazi ndi kukhudza, si cha kumenya ndi mphamvu, ndipo munthu amene alibe mphunzitsi wa wing chun asataye ndalama zake pa icho.

Chidole cha judo ndi masewera ogwetsana

Judo, imene Jigoro Kano anaikhazikitsa ku Tokyo mu 1882, ndipo imene m'dziko muno inakula kwambiri ndi khama la Bambo Jude McKenna, wansembe wa chipani cha Capuchin wochokera ku Ireland, ndi masewera a anthu awiri, ndipo palibe chidole chimene chingalowe m'malo mwa mnzako wamoyo amene amakankha ndi kukana. Komabe zida ziwiri zotsika mtengo zimathandiza masiku a pakati.

Choyamba ndi chubu cha njinga. Mangani machubu awiri akale pa mzati wolimba pa msinkhu wa chifuwa, gwirani nsonga zake monga mugwirira kolala ndi mkono wa jekete la mnzanu, ndipo bwerezani kulowa ndi kutembenuka kumene aphunzitsi amakutcha uchikomi. Yang'anani chubucho tsiku lililonse, pakuti chikaduka chili chokokedwa chingamenye diso.

Chachiwiri ndi chidole cha ovolosi. Tengani ovolosi yakale ya salaula, sokani kumapazi ndi kumanja, pindani mabulangete akale mulowetse m'miyendo ndi m'manja kuti zikhale ngati mafupa, dzazani nsanza mothinana, mutu mupange ndi thaulo lokulungidwa, ndipo muchiveke jekete la judo ndi lamba wake. Chikhale chofupikirapo ndi chopepuka kuposa mwini wake. Woyamba kumene asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, chifukwa chidole sichidumpha kukuthandiza monga achitira mnzako, ndipo kulemera kwake konse kumagwera pamsana. Musagwetsere pa simenti, pakuti wogwetsa amatsata chogwetsedwa ndi maondo ake. Yalani matiresi akale pa udzu kapena pa mchenga.

Kuteteza thupi

Amene wagula thumba koma osagula zomangira manja wagula theka la chida. Mabandeji a nkhonya a munthu wamkulu amatalika mamita anayi ndi theka. Amazungulira pa mfundo ya dzanja, pa chala chachikulu ndi pa mfundo za zala, kuti timafupa ta m'dzanja tigwirane pamodzi. Pemphani mphunzitsi akuonetseni kamangidwe kake, ndipo muwachape kawirikawiri. Magolovesi a thumba akhale a maaunsi 12 mpaka 16 kwa wamkulu. Mukamva mfundo za zala zikugunda thumba kupyola siponji, atha ntchito.

Musanamenye, tenthetsani thupi ndi kulumpha chingwe mphindi zisanu kapena khumi, makamaka m'mamawa mwa Juni ndi Julayi. Woyamba achite zigawo zitatu za mphindi ziwiri, akupuma mphindi imodzi pakati pake, ndipo milungu yoyamba amenye ndi theka la mphamvu zake, mtima uli pa kuwongola mkono. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Machenjezo awa asaphonyedwe:

- Mwana amene mafupa ake akali kukula, ndiko kuti kufikira zaka za m'ma 16 kapena kupitirira pang'ono, asamenye makiwara kapena thumba lolemera la akulu, chifukwa nsonga za mafupa ake n'zanthete, ndipo zikavulala chala chingakule chokhota. Mupangireni thumba lopepuka la nsanza zokhazokha.
- Ana aang'ono asasewere pa thumba, pa unyolo kapena pa machubu. Chingwe cholendewera chingakole khosi la mwana mwakachetechete. Masulani machubu mukatha, ndipo thumba mulimangirire ku mzati.
- Dzanja likatupa, lekani pomwepo, ikanipo ayezi wokulungidwa m'nsalu kapena nsalu ya madzi ozizira mphindi 15 mpaka 20, ndipo mulikweze. Ngati mfundo ya chala yalowa m'kati, kapena chala chikupingasa pa chinzake mukafumbata, kapena ululu sukutsika, pitani ku kiliniki ya kwanuko tsiku lomwelo, kuti ngati kuli kofunika akutumizeni kukajambulidwa ku chipatala cha UTH, cha Levy Mwanawasa kapena cha Chilenje. Musalole munthu kulikoka kapena kulisisita.
- Wodwala mtima kapena kuthamanga kwa magazi, ndi mayi woyembekezera, ayambe afunsa dokotala.
- Mlungu uliwonse yang'anani unyolo, ngowe, mabawuti ndi msoko. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala kufikira Epulo, lowetsani thumba m'nyumba kapena mulivundikire ndi pulasitiki.

Zolakwa zofala

Cholakwa chachikulu ndi kuyesa kuti kuuma kwa chida ndiko ubwino wake, ndipo za ichi tanena mokwanira. China ndi kukankha thumba m'malo molimenya: thumba louluka kutali si umboni wa mphamvu, koma wa nkhonya yochedwa kubwerera, nkhonya yabwino imalira mwachidule, thumba nilinjenjemera pamalo pake. China ndi kuima malo amodzi manja ali pansi, chifukwa chidole sichibwezera. Amene azolowera motero pakhomo adzachita chomwecho pamaso pa mdani wamoyo, ndipo adzalipira ndi nkhope yake. Chinanso ndi kugula zida zambiri tsiku limodzi mwana asanaonetse kuti adzapirira. Yambani ndi chingwe cholumpha, mabandeji ndi thumba la nsanza, zina zidzabwera miyezi ikapita.

Chotsiriza, chimene chimatidetsa nkhawa kuposa zonse, ndi kuika chidole m'malo mwa mphunzitsi. Chidole sichiona kuti chigongono chatuluka, kapena kuti chibwano chakwera. Chimalandira cholakwa ndi cholondola mofanana, ndipo cholakwa chobwerezedwa kambirimbiri chimakhazikika m'thupi kotero kuti kuchizula kumatenga nthawi yoposa imene chinatenga kuchidzala. Sichiphunzitsanso mwambo, ndiwo kudziletsa, kulemekeza mnzako ndi kusatulutsa nkhonya kunja kwa bwalo, umene uli mtima wa masewera onsewa. Mutu umodzi susenza denga. Esther Phiri anali ndi mphunzitsi wake Anthony Mwamba pambali pake. Catherine Phiri, pamene anakatenga lamba wa WBC ku Mexico mu 2016, anali ndi mphunzitsi wake Mike Zulu pakona.

Chotero, makolo ndi inu achinyamata, musanapite ku Kamwala, ku Kalingalinga kapena ku sitolo iliyonse, yambani mwafika kwa mphunzitsi wa masewerawo, mumuuze kukula kwa bwalo lanu, kulemera kwa wophunzirayo ndi ndalama imene muli nayo. Ndipo chida chikapachikidwa, muitaneni adzachione ndi kuchimenya yekha mwana wanu asanachikhudze.